Chimbuuzi mu Situdiyo ya Bambo

Ndinalonjeza ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, m'kachipinda kotsukiramo zithunzi kuseri kwa situdiyo ya bambo, kutatsala tsiku limodzi kuti ndikwere ndege. Mlongo wanga anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkamutcha Kanyale, chifukwa ntchito yake mu situdiyomo inali imodzi yokha, kugwira nyale. Bambo akamajambula munthu, iye ankaima pambali atakweza nyaleyo mpaka mikono kuchita kunjenjemera, ndipo ikangotsika pang'ono ankamva mawu kuchokera kuseri kwa kamera: "Iwe, kweza!" Kamerayo sankaikhudza. Inali ya bambo, ndipo aliyense ankadziwa kuti idzakhala yanga.

Tsikulo Kanyale anatseka chitseko n'kuchitsamira, kuti ndisatuluke.

"Achimwene, zimene mukaphunzire kumeneko mudzandiphunzitsa?"

"Ndidzakuphunzitsa."

"Zonse? Ndi zimene bambo amakunong'onezani ine ndikamagwira nyale?"

"Zonse. Sindidzakubisira kanthu."

"Lumbirani."

Ndinalumbira, iye n'kuchoka pachitseko.

Ndinakhala kunja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kwathu ankauza anthu kuti ndimapanga mafilimu. Zoona zake n'zakuti ndinkakhala pa kompyuta m'nyumba ya mawindo osatseguka, ndikuumba mipope ya m'bafa. Kampani imene ndinkagwirako ntchito inkagulitsa mipope, masinki ndi zogwirira zitseko. Ine ndinkamanga zinthuzo mu pulogalamu ya zithunzi za mbali zitatu, kuziikira kuwala, kuimika kamera imene kulibe, n'kutulutsa chithunzi choti munthu achite kulumbira kuti mpopewo ndi weniweni. Palibe munthu pansi pa thambo amene amadziwa kunyezimira kwa mpope kuposa ine. Bambo anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chinayi, ndipo sindinabwere chifukwa mapepala anga sanali bwino. Kanyale ankandilembera makalata odzaza mafunso, ine n'kumuyankha ndi mapositikhadi a milatho. Kenako anasiya kulemba. Kampani itapeza njira yopangira mipope popanda ine, anandipatsa khadi yosainidwa ndi anthu amene sankatha kutchula dzina langa, ndipo ndinabwerera ndi masutikesi awiri ndi chifuwa chosatha.

Msewu wathu ndinaupeza utafupika. Pamene panali situdiyo ya bambo tsopano amagulitsapo zikuto za mafoni. Khoma limene bambo anajambulapo masitepe ndi mathithi, pomwe theka la tauni linaimapo litavala jekete yobwereka, analipaka penti yachikasu. Mtsikana wa m'sitoloyo anandifunsa mtundu wa foni yanga.

Kanyale ndinamupeza ali pamwamba. Ofesi yake ili pansanjika yachiwiri, pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ndipo muli makompyuta asanu ndi imodzi. Anadziphunzitsa yekha, poonera mavidiyo m'masitolo a intaneti, pulogalamu yomweyo imene ine ndinaiphunzira kukoleji. Anthu amamutcha abwana. Amene amati Kanyale ndatsala ndekha, ndipo ndikamutchula choncho amandiyang'ana mondilola, ngati mmene umalolera wodwala kukhala pampando wako. Anandipatsa chipinda chakuseri kunyumba kwake, kumene amayi amakhalanso, ndi desiki pafupi ndi makina osindikizira, "mpaka mutapeza zanu, achimwene." Alendo akabwera, amayi amaloza Kanyale n'kunena ntchito zake zonse chimodzichimodzi. Akafika pa ine amati, "Uyu ndi uja anapita uja."

Pakhomo la ofesi pali kabati yagalasi. M'menemo muli kamera ya bambo ndi chingwe chawo.

Chingwecho n'chofunika kuchifotokoza. Bambo sankakhulupirira maso awo. Pamwendo wa kamera anamangapo chingwe chokhala ndi mfundo pa theka la mita lililonse. Munthu akakhala pampando, ankakoka chingwecho mpaka pamphuno pake, kuwerenga mfundo, n'kupotokola lenzi mpaka pa nambala yomweyo. Ankandiuza motsitsa mawu kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa mphunoyo kuli kadera kamene zinthu zimaoneka bwino, ndipo kaderako ankakatcha mpata. Kunja kwa mpata zonse zimasanduka chimbuuzi. Ukatsegula kwambiri kabowo ka lenzi, mpata umachepa. Ukakatseka, mpata umakula. Koma chachikulu, ankatero, ndi mtunda: ukayandikira kwambiri, mpata umaonda mpaka kufanana ndi tsitsi. N'chifukwa chake kujambula nyerere n'kovuta kuposa kujambula nyumba. "Kamera sidziwa kuti uyu ndi mkwati kapena mbuzi. Imadziwa mamita basi." Zonsezi ankandiuza ine. Kanyale anali patali mamita atatu, manja m'mwamba.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wathu inkatsegula chipinda chokumbukira ntchito zimene zinatha, ndipo inapempha Kanyale kuti apange filimu ya mphindi zitatu ya situdiyo ya bambo. Anaigwira miyezi isanu osandionetsa. Ankayenera kuipereka Lolemba m'mawa. Kuti makompyuta ake onse amalize kurenda, ndiye kuti kuwerengera kuwala n'kutulutsa zithunzi zikwi zinayi ndi kanthu zimene zimapanga filimuyo, ankafunika kuyamba Lachisanu masana, n'kugwira Loweruka ndi Lamlungu lonse osapuma.

Lachinayi m'mawa anaima pa desiki yanga.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Zandikanika."

Miyezi isanu ndi iwiri chibwerereni ndinali ndikudikira mawu amenewo. Ndinadzuka pang'onopang'ono kuti asaone.

Mwamuna wake, alamu anga, ndi amene amaika mawu ndi nyimbo m'mafilimu ake. Ndi munthu wonenepa, woseka ndi thupi lonse, ndipo chibwerereni amanditcha a Mipope. Anandikokera mpando.

"Khalani, a Mipope. Lero tione ngati kunja kuja munkaphunzira kapena munkangozizidwa."

Kanyale anatsegula fayilo, ndipo ndinalowa mu situdiyo ya bambo.

Zonse zinalimo. Mng'alu wa simenti wochokera pakhomo mpaka pansi pa tebulo. Mpando wa makasitomala, mwendo umodzi utaponda kachikatoni kopinda. Chipeso chomangidwa ndi ulusi pafupi ndi galasi, kuti anthu asapite nacho. Jekete yobwereketsa ija pamsomali, ndi tayi yake yofiirira yomangiratu. Masitepe ndi mathithi pakhoma, ndi pamene bambo analakwitsa penti n'kubisapo ndi mbalame. Mbalameyo ine ndinali nditaiiwala. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi chipindachi m'mutu ngati changa ndekha, ndikuchitsegula m'sitima ndi m'mizere ya kuofesi ya mapepala, ndikukhulupirira kuti amene anatsala anangochizolowera mpaka kusiya kuchiona. Ndiye uyu wogwira nyale anali ndi mbalame imene ine ndinalibe.

Bambo anali ataima pambali pa kamera, phewa limodzi lotsika monga mwa masiku onse. Kuseri kwa kamera, pa kireti, panaima kamtsikana, diso lili pa kagalasi koonera. Dzanja la bambo linali paphewa pake. Nyale inali pa chitsulo choimikira, yopanda woigwira.

"Izi sizinachitikepo," ndinatero.

"Ndi filimu, achimwene."

"Ndani uyu pakhomoyu?"

Pakhomo panaima mnyamata wamtali atanyamula sutikesi, kuwala kwa mumsewu kuli kumbuyo kwake.

"Ndinu," anatero. "Filimu ikamayamba, maso a woonera akhale pa mtsikanayu ndi dzanja la bambo. Kumbuyo konse, khomo ndi inu, kukhale kofewa. Osati kusowa. Kungofewa, ngati mmene bambo ankachitira ndi mathithi aja."

Anafotokoza vuto lake mwachangu, mwa munthu wosazolowera kupempha. Ntchito zake zonse zinali zithunzi zoima, za zikwangwani ndi magazini. Akafuna chimbuuzi kumbuyo, ankatulutsa chithunzi chonse chooneka bwino, kenako n'kupaka chimbuuzicho pamanja ndi burashi ya pa kompyuta, ngati wopaka penti. Anali ndi dzanja labwino moti palibe ankazindikira. Koma zithunzi zikwi zinayi sungazipake pamanja. Ndiye kwa nthawi yoyamba anayatsa chimbuuzi cha kamera ya mu pulogalamu, chimene chimatsanzira lenzi yeniyeni.

"Taonani chimene ikundipatsa."

Anarenda chithunzi chimodzi. Chinatuluka ngati ukuyang'ana kudzera m'galasi lopaka mafuta. Bambo anali mtambo wotuwa. Mathithi anasungunukira mu jekete. M'chithunzi chonsecho chooneka bwino chinali nsidze imodzi ya kamtsikana kaja, ndipo chipinda chonse chinkaoneka ngati kachidole kosiyidwa patebulo.

"Fokasi waiika pati, poti paoneke bwino?"

"Pamutu pa mtsikanayu. Ndachotsa, ndabwezera, ndaika kachizindikiro pa diso penipeni. Chimodzimodzi."

"Kabowo ka lenzi?"

"Ndinayamba pa 2.8. Ndapita pa 8, pa 16. Ndafika mpaka pa 22, pothera."

"Pothera?"

"Eya. Si pamene manambala amathera? Lenzi ya bambo imathera pa 22. Ndinaitulutsa m'kabati dzulo kuti nditsimikize."

Ndinagwira mausi. Pansi pa manambala a kabowo pali kabokosi kamene kamaonetsa mtunda wochokera pa kamera kufika pa chinthu chimene waikapo fokasi. Iye sankakayang'ana, chifukwa ankangoloza chinthu, pulogalamu n'kudziwerengera yokha. Kabokosiko, kamene kamawerenga m'mamita, kankati 0.03. Ndinadina pachitseko cha situdiyo kuti ndione msinkhu wake. 0.02.

Chitseko cha masentimita awiri.

Ndinafunsa, ngati ndikungocheza, ngati anayambira ntchitoyi mu pulogalamu yomweyi. Anati ayi, chipindacho anachimanga mu pulogalamu yake yakale, n'kuchisamutsira muno chifukwa muno ndi mosavuta kuyendetsa kamera. Basi, nkhani yonse inali pamenepo. Posamutsapo, mamita anawerengedwa ngati masentimita. Chilichonse chinachepa mofanana, bambo, mpando, chipeso, ndiye ndi maso sungaone kusiyana. Iye ankamanga ndi maso, kuika nyale ndi maso, ndipo maso ake ndi abwino kuposa anga. Koma kamera imadziwa mamita basi. Kwa iyo, situdiyo ya bambo inali kabokosi ka machesi, ndipo inkajambula nyerere.

Njira zinali ziwiri. Kusankha zonse n'kuzikulitsa kambirimbiri, ka zana limodzi, kenako kukonzanso nyale. Kapena, mwachidule, kudina pa kabokosi ka kabowo n'kulemba 280, ndiye kuti 2.8 kuchulukitsa ka zana limodzi. Nambala ikakwera, kabowo kamatsekeka, mpata n'kukula. Lenzi ya galasi ilibe nambala yoteroyo, koma pulogalamu ilibe galasi, imalandira chilichonse chimene walemba. Manambala atatu. Ntchito yosakwana kapu ya tiyi.

Ndinayang'ananso dzanja la bambo paphewa la kamtsikanako.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Kanyale.

"Ndipatse nthawi," ndinatero. "Zoterezi zimafuna kufatsa."

"Eee, katswiri wakwinya nkhope," anatero alamu, n'kucheukira mkazi wawo. "Mayi, konzekani, atiuza kuti vuto ndi mpope."

Tsiku lonse ndinakhala pa kompyuta yake, pampando wake wachikopa, iye ataima kumbuyo kwanga. Ndinachulukitsa kuwerengera kwa kuwala, chimbuuzi n'kutuluka chosalala kwambiri. Ndinasintha lenzi kuchoka pa 50 kupita pa 35. Ndinapanga kamera yatsopano. Ndinanena kuti mwina fayilo inawonongeka, tinaitsegula pa kompyuta ina. Chilichonse ndinkachichita mwaluso, ndikufotokoza dzina lake ndi chifukwa chake, ndipo iye ankalemba m'kabuku. Anandibweretsera tiyi yekha. Masana, mmodzi wa makasitomala ake ataimba foni, ndinamumva akunena kuti, "Ndili ndi achimwene anga pano, anagwira ntchito imeneyi kunja zaka zambiri." Sanati uja anapita uja. Ndinamva kukoma mpaka m'zala.

Alamu ndi amene anatsala pang'ono kuwononga zinthu.

"Koma mayi, bwanji osangofunsa pa intaneti? Kuli anthu osagona kumeneko, amayankha ngakhale za nsapato."

"Ndikafunse alendo pamene achimwene ali pano? Akandiuza kuti kweza nambala, ndakweza kale. Asiyeni aganize."

"Ine ndimangonena. Pajatu a Mipope akuganiza chiganizire kuyambira m'mawa, utsi wokha ndi umene sunatuluke."

Chakumadzulo ndinayandikitsa sikirini kwa mnyamata wa pakhomo uja. Ndinkafuna kudziona. Malaya anali anga enieni, a mizere yabuluu, amene ndinakwera nawo ndege. Sutikesi inali ndi lamba wa bambo. Koma mutu unali wosalala ngati dzira. Panalibe maso, panalibe pakamwa, kachitunda kokha pamalo a mphuno.

"Nkhope ili kuti?"

Kanyale anakanda kuseri kwa khutu, monga ankachitira ali mwana akathyola chinthu.

"Mumayenera kukhala m'chimbuuzi, ndiye sikanaoneka." Anayang'ana pa sikirini. "Ndinayesa, achimwene. Katatu. Kunyumba kulibe chithunzi chanu cha nthawi imeneyo, inu munkakhala kuseri kwa kamera. Ndikatseka maso, malaya ankabwera, sutikesi inkabwera. Nkhope ayi. Nthawi zonse inkatuluka ya munthu wina."

Mbalame ya pakhoma anaikumbukira. Ulusi wa chipeso anaukumbukira.

"Zimachitika," ndinatero.

Pa chakudya chamadzulo amayi anafunsa ngati filimu ya bambo yatheka. Alamu anati akatswiri akadali pamsonkhano. Amayi anaika supuni pansi n'kundiyang'ana.

"Umuthandize mlongo wako. Ukudziwa kuti bambo ako sanamuphunzitse? Utapita iwe, uyu anawapempha mpaka kulira. Maso awo anali atayamba kufa, makasitomala akubweza zithunzi. Iwo ayi. Amvekere kamera ikudikira mwini wake. Anaifunditsa nsalu, situdiyo n'kutsekedwa, mwini wake osabwera."

"Amayi, zakale izo," anatero Kanyale.

"Zakale kwa iwe. Ine ndinkachapa nsaluyo."

Ndinayenera kuchita manyazi, ndipo pang'ono ndinachita. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chofunda. Anadikira ine. Mpaka kufa, dzanja lawo silinafike paphewa limenelo. Iye anachita kuliumba yekha pa kompyuta, chala chimodzichimodzi, ndipo Lolemba mzinda wonse udzalowa m'chipinda chamdima n'kuona kuti ndi mmene zinalili. Ana asukulu adzaonera. Zaka makumi asanu zikubwerazi, amene adzafune kudziwa za situdiyo ya bambo adzapeza mtsikana pa kireti ndi banga pakhomo.

Lachisanu ndinalawirira ku ofesi, mlonda akumaliza kusesa masitepe. Ndinadziuza kuti ndikungofuna kutsimikiza. Ndinatsegula fayilo, kudina pa kabokosi, kufufuta 22, kulemba 280, n'kurenda chithunzi chimodzi.

Chinayamba kutuluka pakati, timabokosi timabokosi, kufalikira m'mbali.

Diso la kamtsikana linali ngwee, kuwala kwa nyale kuli kadontho m'kati mwake. Dzanja la bambo linkaoneka mpaka mitsempha ndi chikhadabo chakuda ndi mankhwala. Kuchokera pamenepo chipinda chinkafewa pang'onopang'ono, mpando, jekete, mathithi, ngati mawu a munthu amene akupita kutali akuyankhulabe. Pakhomo panali mnyamata. Sunkafuna nkhope kuti umudziwe. Mapewa ake anali atatembenukira kale kumsewu, kuwala kukumudya m'mbali. Anali ine ndendende, kuposa chithunzi chilichonse cha pa mapasipoti anga.

Ndinakhala ndikuchiyang'ana nthawi yaitali. M'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinapangepo chinthu choyandikira pamenepo. Ine ndinangolemba manambala atatu. Zina zonse zinali zake, ndipo anthu akadzaimirira kuomba m'manja, palibe adzafunse kuti analemba 280 ndani. Adzati mwana wa wojambula uja watengera bambo ake.

Ndinamva mawu a alamu pamasitepe, akuseka ndi mlonda. Ndinatseka chithunzicho. Pulogalamu inafunsa ngati ndikufuna kusunga zimene ndasintha, ndinadina ayi.

Analowa onse awiri. Maso a Kanyale anali otupa. Anaika chikwama patebulo osachitsegula.

"Mwalawira, achimwene. Pali chimene mwapeza?"

"Ndimayesa zina ndi zina."

Tinayesanso limodzi mpaka wotchi ya pakhoma inadutsa 11 koloko. Alamu anasiya nthabwala n'kuyamba kuyatsa makompyuta enawo, imodzi ndi imodzi. Kanyale anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane, mawondo athu kutsala pang'ono kugundana. Anayankhula motsitsa, kuti mwamuna wake asamve.

"Achimwene, ine sindinapite kusukulu ya zimenezi. Pali zinthu zimene ndimachita osadziwa chifukwa chake, zimangotheka. Mwina pali kanthu kakang'ono, koti inu mukuona kuti n'kopusa moti simungaganize kuti sindikukadziwa. Ngati kalipo, nenani. Sindichita manyazi."

Kabokosi kaja kanali pa sikirini pakati pa ife awiri, kakunenabe kuti 0.03.

"Ndayang'ana paliponse," ndinatero. "Mwina ndi vuto la pulogalamu. Zimachitika, ngakhale kunja."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu.

"Chabwino. Zikomo poyesa. Ndizimitsa chimbuuzi, zonse zioneke bwino. Sizikhala mmene ndimafunira, koma filimu ipita."

Anazimitsa chimbuuzi, n'kurenda. Chithunzi chinatuluka mwachangu, chowala paliponse mofanana, ngati cha m'buku la mitengo ya katundu. Bambo, mtsikana, chipeso, mbalame, zonse zikulimbirana maso. Ndipo pakhomo, moonekera bwino kuposa china chilichonse chifukwa cha kuwala kwa mumsewu, panaima munthu wa malaya a mizere yabuluu, mutu wake dzira.

Alamu anaphulika kuseka. "Mayo ine! A Mipope, ndi inu amenewa? Ana akaona izi sagona!" Ataona kuti akuseka okha, anatsokomola n'kubwerera ku makompyuta.

"Sindingapereke chonchi," anatero Kanyale. "Anthu aziyang'ana iyeyu m'malo mwa bambo."

"Muumbire nkhope. Ndili pano, ndiyang'ane."

"Nkhope imanditengera masiku anayi, achimwene. Ndipo iyi si imene munapita nayo."

Anadina pa mnyamatayo. Mzere wachikasu unamuzungulira, iye ndi sutikesi yake. Chala chake chinaima pamwamba pa batani.

"Pepani," anatero.

Khomo linatsala lopanda munthu, kuwala kukulowa mpaka pa mng'alu wa simenti. Anasunga fayilo, n'kuitumiza ku makompyuta onse asanu ndi imodzi. Mafani oziziritsa makompyutawo anayamba kulira, imodzi pambuyo pa inzake, mpaka ofesi yonse inachita phokoso ngati mvula ili padenga. Alamu anafunsa ngati pali wofuna tiyi. Kanyale anang'amba m'kabuku kake masamba amene analemba dzulo lake, n'kuwapinda bwinobwino, kuwaika m'chikwama.

Ndinamulonjeza kuti sindidzamubisira kanthu. Situdiyo ya bambo inali masentimita asanu ndi limodzi m'litali, ndipo sindinamuuze.